Sitika Yofiira pa Baromita

Kalata ya komiti yopereka ziphaso za ntchito yathu inafika Lachiwiri, m'envulopu yachikasu ija imene munthu amayamba wasaina asanailandire. Ndinaitsegulira pakhonde la chipatala nditavala kale chikhothi changa choyera. Ankandiitana kulikulu pa 14 Okutobala, naini koloko m'mawa, kuti ndikanene ngati pali chifukwa choti asandilande chiphaso. M'munsi mwake anawonjezera kuti ndibwere ndi makope atatu a pepala lililonse.

Chiphaso chimenecho ndinachikhetsera thukuta zaka khumi ndi chimodzi. Ndine wafizikisi wa m'chipatala. Dokotala amalemba kuchuluka kwa cheza chimene wodwala khansa ayenera kulandira, ine n'kuonetsetsa kuti makina owotcha khansawo akutulutsa chomwecho, osapitirira, osaperewera. Wopanda chiphaso sasaina, ndipo pantchito yathu nambala yopanda siginecha ndi mphekesera chabe. Makina sayenda popanda munthu wa chiphaso pafupi. Pachipatala pathu tinalipo awiri okha, ine ndi Xaver Haslach, ndipo Xaver anali atatsala ndi miyezi khumi kuti apume pantchito.

Xaver yemweyo anandipeza ndili chiimire, kalata ili m'manja.

"Yabwera?" anafunsa.

"Yabwera."

"Makope angati?"

"Atatu."

"Ndiye sanakwiye kwenikweni. Akapsa mtima amafuna asanu." Ananyema buledi wake wopota uja, wa mchere ndi batala, n'kundipatsa theka. "Idya, Mutu wa Nsomba. Ukakomokera pakhonde pano ndiye kuti ndilembenso fomu ina."

Mutu wa Nsomba ndi dzina limene anthu a kumapiri kuno amatcha aliyense wobadwira kunyanja kumpoto. Dzina langa ndi Frauke Tammen, koma Xaver amalikumbukira pokhapokha zinthu zikavuta. Chibwerereni kuno mu Meyi sindinadandaule nazo, ine ndinkamubwezera kuti Belu la Ng'ombe, poti ng'ombe za kuno zimavala mabelu m'khosi. Chimene sindinkadziwa n'choti kubadwira kunyanjako n'kumene kudzandigwetse.

Kuyeza makina kumayenda chonchi. Timadzaza madzi m'thanki yagalasi, n'kumizamo kachipangizo kakang'ono ngati nsonga ya chala, kamene m'kati mwake muli mpweya. Makina akawomba cheza, kachipangizoko kamawerenga. Koma kuwerenga kwake kumadalira kuchuluka kwa mpweya umene uli m'katimo, ndipo mpweya sulemera chimodzimodzi tsiku lililonse kapena malo alionse. N'chifukwa chake tisanakhulupirire nambala iliyonse timayamba tafunsa baromita, chipangizo choyezera kulemera kwa mpweya. Wophunzira wa chaka choyamba ku yunivesite amazidziwa zimenezi.

Baromita tinali nazo ziwiri. Ina inali yatsopano, yamagetsi, imene imatumiza yokha nambala mu kompyuta popanda wina kuiyang'ana. Inayo inali yakale, ya thabwa ndi mkuwa, imene yakhala pakhoma chimangire chipatalachi, ndipo Xaver amaitcha Mdala. Mu Julayi kunabwera oyendera otumidwa ndi komiti. Anapeza kuti satifiketi ya Mdala inatha masabata asanu apitawo, n'kumumata sitika yofiira pamphumi: OSAGWIRITSA NTCHITO. Yatsopanoyo anati satifiketi yake yatsala pang'ono kutha, itumizidwe msanga ikayezedwe. Tinaitumiza. Anthu oyeza baromitawo anapita kutchuthi, monga amachitira aliyense mu Ogasiti, ndipo Xaver naye anapita masabata atatu ku akasupe otentha kukawongola msana. Ndinatsala ndekha ndi baromita imodzi yoletsedwa.

Chakudza sichiimba ng'oma. Makina anafa. Amisiri anagwira Loweruka ndi Lamlungu lonse, anasintha chiwalo chachikulu m'mutu mwa makinawo, ndipo Lolemba m'mawa anandiuza kuti kwatsalako n'kwanga. Makina okonzedwa chotero amayezedwa mwatsopano asanakhudze munthu. Odwala makumi awiri ndi atatu anali atakhala kale pamipando panja, ena atatsika kuchokera kumidzi ya kumtunda ndi basi ya sikisi koloko. Mkulu wa madokotala ankangosuzumira pakhomo mphindi khumi zilizonse, n'kubwerera.

Ndinadzaza thanki, ndinamiza kachipangizo, n'kuyang'ana pakhoma. Mdala ankaloza 938. Sitika inali pomwepo, yofiira psuu. Ndiye ndinachita zimene tinkachita kwathu kunyanja zaka zisanu ndi chimodzi zonse baromita ikachoka: ndinatsegula tsamba la ofesi ya zanyengo ya boma. Iwo anati 1013. Ndikukumbuka kuti ndinaseka. Ndinati mumtima, oyendera aja nthawi zina amaidziwa ntchito, Mdalayu wafadi.

Nditawerengera ndi 1013, makina anaoneka kuti akutulutsa cheza choperewera ndi magawo asanu ndi atatu pa zana. Sizinandidabwitse, si anali atangochitidwa kumene opaleshoni? Ndinawakweza. Pafomu, m'bokosi lachisanu ndi chiwiri lofunsa kumene nambala ya mpweya yachokera, ndinalemba bwinobwino kuti ofesi ya zanyengo. Ndinasaina, ndinadinda chidindo, ndinatsegula chitseko. Nambala ya foni ya Xaver ndinali nayo, ndipo akanayankha ngakhale ali m'madzi momwemo. Safunsa anadya phula.

Lachisanu Xaver anabwerera, msana uli chimodzimodzi. Asanavule n'chipewa chomwe anagogoda galasi la Mdala ndi chala, monga amachitira m'mawa uliwonse.

"939. Kukhala dzuwa, alimi adule udzu."

"Musiye uyo, anamwalira," ndinatero. "Akunama ndi manambala oposa makumi asanu ndi awiri. Lolemba a zanyengo ankati 1013."

Xaver anatembenuka pang'onopang'ono, ndipo sikuti unali msana.

"Frauke," anatero. "Tili mamita mazana asanu ndi awiri pamwamba pa nyanja yako ija."

Sanafunikire kupitiriza. A zanyengo salengeza kulemera kwa mpweya wa pamalo pomwepo. Amawerengera ngati kuti tauni iliyonse yatsitsidwa kufika panyanja, kuti athe kuyerekeza matauni. Kwathu, kumene phiri lalitali ndi mlatho wa sitima, nambala ziwirizo n'chimodzimodzi. Kuno mpweya ndi wopepuka. Makina sanali otsika ayi. Ndinali nditawakweza ndekha ndi dzanja langa, ndipo kwa masiku anayi anthu makumi awiri ndi atatu analandira cheza chopitirira muyezo.

Tinaimitsa zonse. Ndinadzazanso thanki, madzi n'kumatayikira pansapato. Baromita yatsopano inali isanabwere, choncho ndinawerenga pa Mdala, n'kutsitsa makina kufika pamene anayenera kukhala. M'bokosi lachisanu ndi chiwiri ndinalemba zoona: baromita ya pakhoma. Masana omwewo ndinalemba lipoti lodzinenera ndekha n'kulitumiza. Palibe anandikakamiza.

Madokotala anachepetsa cheza cha masiku otsala, ndipo kwa anthu makumi awiri ndi awiri zinalingana. Wotsalayo anali Mayi Kreszenz Zobel, mlimi wa ng'ombe za mkaka wa zaka 71, amene masiku anayi amenewo anali awo omaliza kulandira cheza. Panalibe pochotsera. Khosi lawo linapsa, linasupuka, ndipo kumeza kunasanduka nkhondo. Ndinapita ndi dokotala kukawauza. Anandimvetsera mpaka kumapeto, akundiyang'ana m'maso, kenako anafunsa ndi mawu osasa: "Ndiye ndizimwa supu mpaka liti?" Ndikanakonda akananditukwana.

Choncho pa 14 Okutobala ndinakwera sitima ya hafu faifi, chikwama chitadzaza makope. Dzulo lake Xaver anali atandilangiza. "Komiti ili ngati ng'ombe yoyamwitsa," anatero. "Usaiyang'ane m'maso, usathamange, ndipo uziyankha zimene wafunsidwa basi." Ndinamuvomera ndi mutu, koma mumtima ndinali nditatsimikiza kuti ndikanena zonse. Ndinali nditalakwa, ndipo ndinkafuna kuti wina wamkulu andiuze choncho pamaso.

Chipinda chinali pansanjika yachinayi, chonunkha kapeti ndi khofi wa m'fulasiki. Anakhala atatu. Pakati panali wapampando, a Pulofesa Ottilie Brandl, mayi wamfupi wa imvi amene theka la afizikisi a dziko lino anadutsa m'manja mwawo. Kumanja kwawo kunali loya wa komiti, a Zeitler, atandanda mapensulo atatu osongoka mofanana. Kumanzere kunali dokotala wina amene dzina lake sindinalimve, ndipo sanandipatse chifukwa cholifunsira, popeza ankangoyang'ana wotchi.

Mphindi makumi awiri zoyamba zinathera pa makope. Limodzi ndinali nditalisindikiza mbali zonse ziwiri za pepala. A Zeitler anati sakudziwa ngati limenelo ndi kope lathunthu kapena theka. Anakambirana, anavota, analilandira.

"Mayi Tammen, tiyambe," anatero a Pulofesa.

"Zikomo. Lolemba pa 18 Ogasiti ndinalakwitsa chinthu chimene wophunzira wa chaka choyamba..."

"Mudikire kufunsidwa," anandidula. "A Zeitler."

A Zeitler anatenga fomu ya Lolemba n'kuyendetsa pensulo bokosi ndi bokosi. Tsiku lilipo. Kutentha kwa madzi kulipo. Bokosi lachisanu ndi chiwiri, ofesi ya zanyengo. Anatsegula buku la malamulo pa ndime 12 n'kuwerenga mokweza kuti nambala ya mpweya izichokera pa chipangizo cha satifiketi yamoyo, kapena ku ofesi yovomerezeka ya boma.

"Ofesi ya zanyengo ndi ya boma?" anandifunsa.

"Inde, koma..."

"Ndi yovomerezeka?"

"Inde, koma nambala yawo..."

"Ndiye pa Lolemba sindikuonapo vuto. Ndi fomu yodzazidwa bwino kwambiri, ndinene. Tipite pa Lachisanu."

Ndinayang'ana a Pulofesa. Iwo ankayang'ana mbale ya mabisiketi.

"Baromita ya pakhoma," anawerenga a Zeitler. "Ndi imene oyendera athu anaimata sitika?"

"Yomweyo."

"Sitikayo munaiona?"

"Ndi yaikulu ngati chikhatho, a Zeitler."

"Ndipo munawerengabe."

"Ndinawerenga chifukwa inkanena zoona."

"Zimenezo sitinafunse. Mwavomera kuti munasintha makina ochiritsira anthu potengera chipangizo choletsedwa, mukudziwa." Analemba, n'kudula mzere pansi pake.

Apa ndiye zinandikwana. Ndinaimirira, mpando n'kugwa chagada. Ndinawauza kuti Lachisanu ndi tsiku lokhalo sabata imeneyo limene ndinagwira ntchito yanga molondola. Ndinawauza kuti pali mayi wina kumudzi amene mpaka lero akukhalira supu chifukwa cha fomu yawo yodzazidwa bwino kwambiriyo. Ndinati ngati akufuna kundinyonga, andinyongere mbuzi imene ndinaba. Dokotala uja anasiya kuyang'ana wotchi kwa nthawi yoyamba. A Zeitler anali atanyamula kale pensulo yachiwiri.

"Tipume mphindi khumi," anatero a Pulofesa. "A Zeitler, zimene munthu wanena ataimirira sizilowa m'kaundula. Mayi Tammen, ndiperekezeni, ndikufuna kuwongola miyendo."

Anandigwira pachigongono n'kunditulutsa mpaka kumapeto kwa khonde, pazenera.

"Mukuganiza kuti sindidziwa kumene tauni yanu ili?" anayamba motsitsa mawu. "Ine ndinabadwira pamtunda kuposa pamenepo. Nditangoona 1013 pafomu yanu ndinatsamwa ndi khofi."

"Nanga bwanji mukulola kuti..."

"Takhalani chete kamodzi, mumve. Chigamulo chathu chili ndi mabokosi awiri okha. Loyamba ndi kuphwanya ndondomeko: chenjezo, ndi maphunziro a masiku awiri. Lachiwiri ndi kusadziwa ntchito: chiphaso chimapita zaka ziwiri, kenako mayeso onse mwatsopano. Lachisanu lanu likukwana m'bokosi loyamba. Lolemba lanu, mukalikokera patebulo, silikwana kwina koma m'lachiwiri. Ndipo zimene a Zeitler alemba, ine sindingafufute."

"Koma ndime 12 imeneyo ndi yolakwika."

"Ndi yolakwika, inde. Anailemba anthu a kudoko zaka makumi atatu zapitazo, abale anu a Mitu ya Nsomba. Tiikonza."

"Liti?"

"Komiti ya malamulo imakumana mu Malichi." Anandiyang'ana ndi maso otopa. "A Haslach akupuma chaka chamawa. Chipatala chanu chinatha zaka zitatu chikufunafuna munthu musanabwere inu, palibe amafuna kukakhala ndi ng'ombe. Mukachoka, makinawo atsekedwa, ndipo anzawo a mayi wa supuyo azikwera basi makilomita makumi asanu ndi anayi tsiku lililonse. Ine ndikukuponyerani chingwe kuti mutuluke m'dzenje, inu mukufuna kuchimanga m'khosi."

Ndinalowa n'kusaina. Pepalalo linkati ndavomereza kuti zimene komiti yapeza ndi zonse, ndipo sindidzazitsutsa. Ndinadziuza kuti ndikuchitira odwala. Mwina theka lake zinali zoona. Theka linalo linali zaka khumi ndi chimodzi zija, ndipo m'sitima pobwerera ndinadzida kwambiri moti sangweji yanga ndinaisiya pampando osailuma.

Maphunziro aja anachitikira muhotela ina ya m'mbali mwa msewu waukulu. Masiku awiri athunthu bambo wina wa tayi anationetsa zithunzi za masitika: ofiira, achikasu, obiriwira, ndi malo ake omatapo. Pamayeso ndinakhoza zonse. Anandipatsa satifiketi.

Mu Novembala ndinakumana ndi Mayi Zobel pakhonde, atabwera kudzaonetsa khosi. Anali ataonda, mpango uli m'khosi, koma mawu anali atabwerera.

"Ndamva kuti akuluakulu anakuitanani," anatero. "Anati chiyani?"

"Anati ndinalakwa Lachisanu."

Anaganiza pang'ono. "Lachisanu ine sindinabwere."

"Ndikudziwa, Mayi Zobel."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato, n'kupitiriza ulendo wawo wa kubasi.

Sabata yachiwiri ya Disembala, chipale chofewa chitayamba kugwa, kunabwera kabuku kamene komiti imatumiza chaka chilichonse ku zipatala zonse zowotcha khansa, ka mutu wakuti Zimene Taphunzira. Xaver anakatsegula nthawi ya khofi, makandulo awiri a Adiventi akuyaka patebulo, ndipo ndinaona nsagwada yake ikusiya kutafuna. Anandikankhira kabukuko.

Nkhani yachisanu ndi chimodzi inali yanga, popanda dzina, mizere inayi. Wafizikisi wina anagwiritsa ntchito baromita ya sitika yofiira ndipo anachenjezedwa. Phunziro lake: sitika izilemekezedwa. Baromita ikakhala kuti palibe, tengani nambala ku ofesi ya zanyengo, monga mwa ndime 12.

Ndinawerenga katatu. Kenako ndinaimba foni kulikulu, ndipo nditadutsa alembi awiri ndinawapeza a Pulofesa.

"Ndakaona," anatero ndisanayambe n'komwe. "Amalemba ndi a ku ofesi ya a Zeitler, kuchokera pa chigamulo. Ine amandipatsa katasindikizidwa kale."

"Ndiye tumizani kalata yokonza. Lero."

"Kalata ya komiti imafuna msonkhano wa komiti."

"Mu Januwale theka la zipatala zimatumiza baromita zawo kukayezedwa, oyendera anu asanabwere. Zingati mwa izo zili kumapiri? Khumi? Khumi ndi zisanu? Mwangowauza kumene onsewo kuti achite zimene ndinachita ine."

"Ambiri amadziwa za kukwera kwa malo."

"Inenso ndinkadziwa. Funso limenelo ndinakhoza pamayeso."

"Malichi, Mayi Tammen. Ndipo ndikuchenjezeni monga munthu wokufunirani zabwino: mukalemba chilichonse chotsutsa chigamulo, mlandu utsegukanso. Sindingakubiseni kawiri."

Amati zengerezu analinda kwawukwawu, koma kuno wozengereza amakhala wina, wokwawa n'kukhala wina. Ndinabweza foni mwamphamvu moti kandulo imodzi inazima.

Xaver anali atamva zonse.

"Lemba, koma usasaine," anatero. "Kapepala chabe: anzathu, samalani, a zanyengo amawerengera panyanja."

"Iwe ukalandira kapepala kopanda dzina kotsutsana ndi kabuku ka komiti, umakaika kuti?"

Anayang'ana dengu la zinyalala.

"Ndiye ndisaine ine," anatero Xaver. "Palibe vuto. Andilande chiphasocho, kodi ndidzachidya? Mu Ogasiti ndikupita kukaweta njuchi."

"Adzati ndi mkulu wina wa kumapiri akukumbutsa zimene aliyense amadziwa. Adzagwedeza mutu n'kupitiriza khofi wawo. Munthu amaima pokhapokha akamva kuti wina wa chiphaso, wokhoza mayeso ngati iyeyo, anachitadi zimenezi ndipo khosi la munthu linapsa."

"Frauke, zaka ziwiri si masewera."

"Ndikudziwa, Belu la Ng'ombe. Tandipatsa cholembera chako, changa chauma."

Ndinalemba tsamba limodzi. Tsiku, nambala ziwiri zija, magawo asanu ndi atatu, anthu makumi awiri ndi atatu, masiku anayi, khosi limodzi. Ndinalemba kuti baromita ya sitika ndi imene inanena zoona, ndiponso kuti ndime 12 ikhoza kuvulaza munthu. Sindinadzikometsere ndipo sindinatukwane aliyense, ngakhale mayina ena ankandiyabwa kunsonga za zala. Ndinasaina dzina lonse n'kudinda chidindo.

Zipatala zathu zimakhulupirirabe fakisi, makina akale aja otumizira kalata pa waya wa foni, kuposa china chilichonse, ndipo yathu imameza pepala ngati nkhalamba yopanda mano. Manambala oti ndiwatumizire tsambalo, a zipatala zowotcha khansa, analipo makumi anayi ndi imodzi. Ndinaima pamenepo ola limodzi ndi theka, ndikubaya imodziimodzi. Xaver ankandiwerengera mndandanda. Yomaliza inali ya komiti yomwe.

Mayankho anabwera awiri. Chipatala china chinabweza fakisi yopempha kuti nkhani zotere ndizitumiza pa fomu yake yoyenera. Lachitatu lotsatira foni ya mu ofesi inalira, ndipo mwamuna wina wa kayankhulidwe ka kumpoto kwathu anafunsa ngati ndine Mayi Tammen. Nditavomera anapuma mozama. "Munati masiku anayi?" anafunsa. Ndinati inde. "Ife tinafika asanu ndi anayi," anatero, n'kudula. Dzina sananene, chipatala sananene.

Komiti imene singathe kukonza chiganizo chimodzi Malichi asanafike inatha kukumana pa za ine m'masiku khumi ndi awiri, Khirisimasi ili pakhomo. Ulendo uno anandiika m'bokosi loyenera, lachiwiri lija. A Pulofesa Brandl anasaina, ndipo pansi pa siginecha yawo panalibe mawu ena alionse.

Ndikadali pachipatala pomwepo. Ndimadzaza thanki, ndimakoka mawaya, ndimawerenga manambala mokweza, Xaver n'kumalemba ndi kusaina. Za njuchi wazisiya kaye. Wauza akuluakulu kuti akhala mpaka ndidzalembenso mayeso, ngati msana ulola. M'mawa wina ndinamuona akugwirira khoma potsika masitepe, akuganiza kuti palibe akumuona, ndipo zinandipweteka kuposa chigamulo.

"Ukunong'oneza bondo?" anandifunsa tsiku lina tikudikira kuti madzi adekhe m'thanki.

"Tsiku lililonse."

"Ukanachitanso?"

"Usandifunse zopusa, ndili ndi mawaya m'manja."

Msonkhano wa mu Malichi sunachitike. Mmodzi anadwala, wina anali kutchuthi, anthu sanakwane. Anausunthira mu Seputembala, ndipo mpaka lero ndime 12 ikunena zomwe zija.